Ine ndifuna ichi, ku chipatala akuti kulibe: mafunso ndi mayankho a kuno ku Chipata

Mafunso awa ndi omwe aja timamva pa benchi ya pa kiliniki, pa maliro, mu basi ya ku Lundazi, ndi pa misonkhano ya komiti ya zaumoyo mu komboni. Anthu amakwiya ndipo nthawi zambiri ali ndi chifukwa. Koma "ayi" wa ku chipatala sakhala wa mtundu umodzi. Pali ayi woti chinthucho thupi lanu silikuchifuna, pali ayi woti chinthucho kulibe olo chilipo chochepa, ndiye pali ayi wa ulesi ndi kuba. Mukawasakaniza mudzatukwana nasi wosalakwa, wakuba nkumangodutsa pambali. Za matenda anu enieni mukafunse amene akukupimani, apa tikamba chabe za mmene zinthu zimayendera.

Kodi wodwala ali ndi ufulu wosankha thandizo limene afuna?

Ali nawo, koma mphamvu yake yaikulu ili pa kukana, osati pa kulamula. Munthu wamkulu amene mutu wake uli bwino-bwino angakane opaleshoni, angakane kuikidwa magazi, angakane kugonekedwa mu wodi, ndipo palibe dokota amene aloledwa kumugwira mokakamiza. Amufotokozera chimene chingachitike, amusainitsa, basi. Thupi ndi lake.

Koma kunena kuti "ine ndifuna sikani lero, ndifuna dilipu, ndifuna dokota uja wa magalasi osati uyu" apo ndiye pasiyana, chifukwa bedi limene mufuna, botolo la dilipu, ola la dokotayo, zonsezo wina ali panja akuziyembekezeranso. Zili ngati ndiwo za pa maliro, wogawa amayang'ana mzere wonse osati mbale yanu yokha. Chimene sangakumaneni ngakhale shelefu ili mbee ndi kukuuzani zoona: mwadwala chiyani, mankhwala oyenera ndi ati, alipo kapena kulibe, ndipo ngati kulibe mungachite bwanji. Kufotokoza sikufuna bajeti.

Thupi linali kuphwanya, anandilasa pa chala nkuti si malungo, anandipatsa Panado chabe. Coartem, mankhwala a malungo, ndinamuona pa shelefu. Si nkhanza zimenezo?

Ayi, apo anachita bwino. Ka pulasitiki koyera kaja amadonthezerapo magazi, mudikira mphindi 15 mpaka 20, kakaonetsa mizere iwiri ndiye malungo, mzere umodzi ndiye kulibe. Mutu kuwawa ndi thupi kutentha si malungo nthawi zonse, chimfine chimachita chimodzimodzi, matenda a mu chikhodzodzo, taifodi, ngakhale dzino lobvunda. Kale tinazolowera kuti kutentha kulikonse ndi kolokwini, ndipo mapeto ake kolokwini anasiya kugwira ntchito, mpaka Boma linasintha mu 2002 nkusankha Coartem, Zambia nkukhala limodzi la maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezo. Tikayambanso kumumwa ngati maswiti tidzamutayanso.

Komanso ganizirani izi, paketi ya munthu wamkulu ili ndi mapilisi 24, anayi mmawa anayi madzulo masiku atatu. Nthawi ya mvula, kuyambira Disemba mpaka Epulo, makiliniki a ku chigwa monga ku Mambwe amadzaza ndi ana otentha thupi, ndiye paketi iliyonse yopatsidwa munthu wopanda malungo ndi paketi imene mwezi wa mawa idzasowa. Chimene muyenera kufunsa ndi chakuti "nanga ngati si malungo ndi chiyani, ndibwerenso liti?" Ngati papita masiku awiri simukusintha bwererani, musachite manyazi, ndipo ngati ndi mwana amene wasiya kuyamwa, akusanza chilichonse kapena wakomoka, musadikire kuti kuche.

Ine mapilisi sandigwira, ndifuna nyeleti. Amakanirani?

Ili ndi funso la agogo athu makamaka, amati chowawa ndiye chochiritsa. Mankhwala ambiri akumwa amafika mu magazi momwemo, kusiyana kwake ndi liwiro chabe. Nyeleti imasungidwira amene sangathe kumeza, amene akusanza, kapena amene matenda afika poipa monga malungo aakulu, amene amabayidwa artesunate. Nyeleti imodzi imadya sirinji, magulovesi, thonje, ndi nthawi ya nasi amene mwina ali yekha pa shifiti. Dilipu nayo si chakudya, ndi madzi a mchere kapena a shuga pang'ono, munthu amene akutha kumwa yekha safunikira.

Amoxyl pa chimfine ndi nkhani yomweyo. Sapha chimfine, amangophunzitsa tizilombo kulimba.

Ndinafika 6 koloko mmawa, wina wabwera 9 koloko walowa ine ndisanalowe. Mzere uli ndi ntchito yanji?

Chipatala si pa chigayo poti woyamba kufika ndiye woyamba kugaya. Nasi akayenda mu mzere muja ndi ka makina ka pa chala ndi ka bipi, akusankha amene sangadikire: mwana wopuma movutika, mayi wapakati amene akutaya magazi, munthu wolumidwa ndi njoka, wa ngozi ya Honda. Ena saoneka ndi maso, munthu angalowe akuyenda yekha bwino-bwino pomwe bipi yake ili pamwamba moti nthawi iliyonse angagwe. Inu wa msana wowawa kuyambira chaka chatha mudikira, zowawa koma ndi zoona.

Lomba tisanamizane, kulowetsana pa chibale kulipo. Wa suti, mkazi wa abwana, mnzake wa ku tchalitchi. Mungazindikire mosavuta, wodwala kwambiri amalowa ndi phokoso, manasi akuthamanga, koma wa chibale amalowa mwakachetechete akuseka pa foni. Ameneyo ndiye wokanena kwa a in-charge, ndipo kanenani tsiku lomwelo.

"Mankhwala kulibe, mukagule ku kemisti." Amapita kuti mankhwala a Boma?

Ili ndiye funso lenileni ndipo yankho lake si limodzi. Mankhwala a zipatala za Boma amagulidwa ndi kugawidwa ndi ZAMMSA, imene inalowa mmalo mwa Medical Stores ija. Ambiri mwa mankhwalawo sapangidwa muno, amachokera kunja monga ku India, amagulidwa ndi madola, ndiye kwacha ikagwa ndalama yomweyo imagula makatoni ochepa. Akafika ku Lusaka ayende Great East Road, adutse pa Luangwa, afike ku nyumba yosungira ya kuno ku Chipata, kenako agawidwe mpaka ka health post ka ku Vubwi kapena ku Chama kumene mvula ikagwa motoka siipita. Kiliniki ikachedwa kutumiza lipoti la zimene yagwiritsa ntchito, olo ikalemba manambala olakwika, oda imabwera yosakwana. Ndipo anthu achuluka, kiliniki imene inamangidwira komboni yaing'ono lero ikuthandiza Mchini, Nabvutika ndi midzi yozungulira.

Ndalama nazo ndi zochepa. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ife bajeti zathu zimathera pansi pa pamenepo, ndipo mbali yaikulu imapita ku malipiro a antchito. Ma ARV, mankhwala a TB ndi a malungo kwa zaka zambiri akhala akudalira thandizo la kunja.

Ndiye pali kuba, tisabise. Mu Meyi 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula madola 50 miliyoni pa chaka a thandizo la mankhwala chifukwa mankhwala opatsidwa ulere anali kupezeka akugulitsidwa mu makemisti. Ndiye munthu akakayikira sitinganene kuti wapenga. Koma wogula nayenso ali mbali ya bvutoli, ngati mwapeza Coartem wotchipa modabwitsa pa kantemba kapena kwa munthu wa chikwama pa msika, mwina ndi yemweyo amene munamusowa ku kiliniki dzulo.

Akakuuzani kuti kulibe, funsani zitatu musanatuluke: kodi pali mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo amene alipo, kodi pa zimene mwalembazi chofunika kwambiri ndi chiti ngati ndalama sizikwana zonse, ndipo kodi kiliniki ina yapafupi ili nawo. Nthawi zina pa pepala la mankhwala anayi ofunikadi ndi amodzi. Ndipo mugule ku kemisti kapena health shop ya laisensi ya ZAMRA, bungwe la Boma loyang'anira za mankhwala.

Amati chipatala ndi chaulere. Nanga NHIMA ndi high cost zabwera bwanji?

Malipiro a pa makiliniki anachotsedwa mu 2006 ku maboma a kumidzi, ndipo mu 2012 anachotsedwa pa thandizo loyambirira dziko lonse. Ndiye pa health post ndi pa kiliniki ya Boma simuyenera kulipira kuti muonedwe. NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya Boma, inabwera ndi lamulo la 2018, wa pa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, abwana ake nkuonjezera 1 peresenti, ndipo wa pa msika kapena mlimi angalembetse yekha nkumalipira mwezi ndi mwezi. Ubwino wake ndi woti mankhwala akasowa mu chipatala mungakatenge ku kemisti yobvomerezedwa osatulutsa ndalama mthumba, ngati makhadi anu ali bwino ndipo mankhwalawo ali pa mndandanda wawo.

High cost ndi kugula mtendere: chipinda cha anthu ochepa, chimbudzi chaukhondo, kusadikira nthawi yaitali. Ine sindiona cholakwa munthu kulipira bedi labwino ngati ndalamayo ikuthandiza chipatala kugula dizilo wa jenseti. Pamene ndimakana ndi pamene dokota mmodzi yekhayo athera tsiku ku high cost, ku wodi ya tonse nkufika dzuwa litapendeka. Ndalama igule kateni ndi matilesi, isagule malo pa tebulo la opaleshoni patsogolo pa mayi amene mwana wapingasa.

Bwanji sandilola kupita ndekha ku Central, kapena ku Lusaka kumene?

Zipatala zinaikidwa mwa makwerero. Pansi health post, kenako kiliniki, kenako chipatala cha boma laling'ono, pamwamba Chipata Central Hospital imene imalandira odwala ochokera chigawo chonse cha Kummawa, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama. Pambali pali zipatala za mishoni zimene zimanyamula katundu wolemera kwambiri, St Francis ku Katete imene inayamba mu 1948, Mwami ya a Adventist kufupi ndi boda imene anthu amaidziwa pa za maso, Nyanje ku Sinda, Minga ku Petauke, Kamoto ku Mambwe. Aliyense wa chifuwa ndi mutu akathamangira ku Central, dokotala wa opaleshoni adzathera tsiku kulemba Panado. Nchifukwa chake amafuna kalata ya referral, ndipo zipatala zazikulu zimalipiritsa odumpha kiliniki. Ngozi ndi matenda a mwadzidzidzi safunsa kalata.

Ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Ambulansi ikanyamuka ndi wodwala mmodzi, ndi nasi mmodzi, boma lonse limatsala lopanda motokayo mpaka mawa lake, ndiye asanatumize amafunsa kuti kodi kumeneko akachita chiyani chimene kuno sitingachite. Ngati yankho lilipo, monga khansa yofuna Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007, muumirire kalatayo ndipo mufunse tsiku lenileni loti mukaonedwe, musangokwera basi ya usiku nkukagona milungu pa khonde la UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka. Ndipo amayi, kupimitsa khomo la chiberekero kumachitika konkuno, nasi amapaka viniga nkuyang'ana, mphindi zochepa chabe, chilonda chikapezeka chikali chaching'ono amachithana nacho osakwera basi.

Mkazi wanga safuna kubereketsedwa ndi mwamuna. Angakane?

Anganene, ndipo ngati mzamba wamkazi alipo ayenera kumumvera. Koma pa kiliniki ya kumudzi usiku pamakhala munthu mmodzi, ndipo akakhala mwamuna ndi yemweyo basi. Chimene mungapemphe ndipo sichidya ndalama ndi chakuti pakhale mayi wina mchipindamo, apongozi, amake, kapena mayi wa SMAG, gulu la odzipereka lothandiza amayi apakati, ndiponso chitseko chitsekedwe. Abambo, kubweza mkazi kunyumba pa chikochikale chifukwa cha nsanje, magazi akayamba kutuluka mulibe chimene mudzachita. Kambiranani nkhaniyi ku sikelo mimba ikali yaing'ono, ndipo ngati kwanu ndi kutali apite ku nyumba yodikirira masiku asanakwane.

Ndimabaya Depo, ndapita akuti yatha, andiike ka pa mkono. Ndibvomere?

Apa ndiye pamene kufuna kwa munthu kuyenera kulemera kwambiri, chifukwa kulera si matenda, ndi moyo wa munthu ndi banja lake. Nyeleti ya Depo ndi ya miyezi itatu, ka pa mkono ka Implanon zaka zitatu, ka Jadelle zaka zisanu, lupu imafika zaka khumi. Kumuuza mayi amene afuna mwana chaka cha mawa kuti aike cha zaka zisanu chifukwa ndi chimene chili mu kabati, uko si kusankha. Mungakane. Funsani ngati ali ndi Sayana Press, imene ndi ya miyezi itatu yomweyo, kapena mutenge mapilisi ndi makondomu podikira. Ndipo ngati mwabvomera ka pa mkono, funsiranitu kuti mukafuna kuchotsa mudzapita kwa ndani, chifukwa kuika amafulumira koma pochotsa ena amayamba "bwerani mwezi wa mawa". Kuchotsa ndi ufulu wanu tsiku lililonse, simufunika kupereka chifukwa.

Makina a oxygen amodzi, odwala awiri. Amasankha bwanji, ndipo ndani?

Funso ili anthu amaliopa koma limachitika, makamaka malaiti akapita. Chilala cha 2024, chimene a Pulezidenti Hichilema anachitcha tsoka la dziko mu Febuluwale, chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kusowa pafupifupi tsiku lonse, pomwe timakina ta oxygen ta pambali pa bedi timadalira magetsi. Zikatero amene asankha ndi dokota kapena clinical officer wa pa shifiti pamodzi ndi sisita wa mu wodi, ndipo safunsa kuti ndani wafika poyamba kapena ndani ali ndi dzina. Amafunsa kuti ndani afa posachedwa akapanda kuthandizidwa, ndiponso ndani thandizoli lingamudzutsedi. Mwana wa chibayo amene ndi oxygen ya masiku awiri achira amapita patsogolo pa munthu amene khansa yafalikira thupi lonse, ngakhale wachiwiriyo ndi atate anu. Kulemba nkosavuta, kuima pambali pa bedilo ndi nkhani ina.

Dialysis, kutsuka magazi ndi makina impso zikaleka kugwira ntchito, ndi chimodzimodzi. Munthu mmodzi amakhala pa makina maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse ngati impso zinaferatu. Makina ali mu zipatala zazikulu zokha, ndiye amene impso zaima kwa kanthawi chifukwa cha malungo kapena uchembere, amene akatsukidwa kangapo achira, amaganiziridwa msanga. Pa kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala, panalibe zosankha bedi kapena nasi, amene atha kumwa amapatsidwa ORS, dilipu nkusungira amene afooka.

Amene sanasankhidwe sayenera kutayidwa. Mankhwala oletsa ululu, kumutembenuza, kumusambitsa, ndi kuuza abale zoona mmalo mowazemba mu khonde, zimenezo zimatheka ngakhale makina kulibe. Mukaona wodwala wanu akubuula usiku wonse pitani pa tebulo la manasi mukapemphe mankhwala a ululu, si mwano.

Akuti magazi kulibe. Tingagule?

Magazi sagulitsidwa, ndipo wina akakupemphani ndalama ya magazi kanenani. Amachokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku Zambia National Blood Transfusion Service, ambiri ndi ana a sukulu za sekondale, nchifukwa chake pa holide amachepa, ndipo sasungika kupitirira milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Ochepawo amayamba ndi amayi otaya magazi pobereka, ana a malungo ndi a ngozi, opaleshoni imene ingadikire imasunthidwa. Tonse timafuna magazi m'bale wathu akagona, koma motoka yawo ikaima pa msika timadutsa ngati sitinaione.

A Mboni za Yehova akakana magazi, wamkulu amalemekezedwa. Pa mwana wamng'ono madokotala amayang'ana moyo wa mwanayo poyamba.

Tifuna kumutulutsa wodwala wathu tipite naye kumudzi, kapena ku mapemphero. Atiletsa?

Ngati wodwalayo ndi wamkulu ndipo iye mwini afuna, sangamutsekere. Koma onetsetsani kuti ndi iye afuna, osati amalume amene atopa kugona pansi pa bedi, kapena amene awerengera kale kuti kunyamula munthu wamoyo pa basi nkotchipa kuposa kunyamula bokosi. Zimenezi zimakambidwa panja pa wodi motsitsa mawu, ndipo sindiweruza, umphawi ndi umphawi, wodwazika nayenso wasiya munda ndi ana. Koma mufunseni mwini wake. Ena amafunadi kukafera kwawo pakati pa adzukulu, ndipo ngati madokotala anena kuti palibenso chochita, kumeneko ndi kusankha kwabwino, mutenge mankhwala a ululu ndi kalata. Kupemphera sikuletsedwa, abusa amalowa mu wodi pa nthawi yoona odwala. Chimene chimapha ndi kusiya ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a bipi chifukwa wina wanena kuti mwachira.

Nanga akatitulutsa ife tisanafune? Nthawi zambiri bedi likufunika, ndipo munthu amene ayamba kudya ndi kuyenda amachira bwino kunyumba. Musatuluke osadziwa tsiku la review ndi zizindikiro zoti mubwerere nazo msanga.

Boma linalemba antchito ambiri, CDF, ndalama za chitukuko za constituency, inakwera. Bwanji mzere sukutha?

Mu 2022 analemba antchito a zaumoyo opitirira 11,000, ndipo CDF inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse. Zathandiza, malo ena amene kale munkapeza wosesa akugawa mankhwala lero kuli nasi. Koma chipinda cha amayi chomangidwa ndi CDF sichibwera ndi mzamba, madzi ndi nyumba ya antchito pachokha, ndipo nasi wotumizidwa ku Lumezi kopanda nyumba ndi netiweki amayamba kulemba makalata a transifa mwezi woyamba. Pa misonkhano ya ward tizikonda kufunsa za mjigo, sola ndi nyumba ya nasi, osati nyumba yatsopano yokha yoti tidzajambulitsepo.

Ndikaona kuti sanandichitire bwino ndikanene kuti?

Yambani ndi a in-charge a pa kiliniki kapena sisita wamkulu wa wodi. Zikakanika pali komiti ya zaumoyo ya mdera lanu, kenako ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, kenako ya chigawo kuno ku Chipata. Nkhani yaikulu ya dokota kapena clinical officer imapita ku Health Professions Council of Zambia, ya nasi kapena mzamba ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ya kuba mankhwala ku polisi kapena ZAMRA. Lembani tsiku, nthawi, chipinda ndi mawu amene ananenedwa, ndipo sungani pepala la mankhwala limene anakupatsani. Kuimba foni ku Breeze FM kapena kulemba pa Facebook kumatsitsa mtima, koma musaike chithunzi cha wodwala wina kapena khadi lake, ndipo dandaulo lolembedwa pa pepala musiye kopi imodzi kwa inu.